Munthu wa paulendo sauzidwa maliro

Kupinda zovala ndiye musandiphunzitse. Zaka zonse zimene ndinagwira ntchito ku Perth, ku Australia, m'nyumba yosungira okalamba cha ku Joondalup, manja angawa anapinda malaya a azungu mpaka anafika pomachita okha, ine maganizo ali kwina. Kusambitsa nkhalamba, kuitembenuza kuti isachite zilonda, kuidyetsa phala ikukulavulira kumaso, kenako kupinda. Wina akatisiya tinkapindanso zake zonse n'kuika m'matumba kuti ana ake adzatenge, ndipo ana ena sankabwera n'komwe. Msana wangawu unathera kumeneko. Koma pa zonse zimene ndinapindapo, zimene zimandibwerera ndikakhala phee ndi za mwana wanga Tamanda, tsiku limene ndinamulongedzera ulendo wa kutchire.

Ndiyambe ndanena kuti Tamanda ndinabereka ndine, koma anamulera ndi achemwali anga aakulu, a Esinala. Pochoka kwathu ku Mitundu ndinamusiya akungoyamba kulumikiza mawu. Za bambo ake tisatayepo nthawi, anali atasowa kalekale. A Esinala anali ndi ana awo awiri, Kondwani ndi mlongo wake, ndiye anangoti, "Bwera naye kuno, pamphasa malo alipo." Ine ndinalumbira kuti chaka chisanathe ndimuitanitsa. Ha! Mapepala a kunja sathamangira munthu. Zaka zinadutsa ndikukhala ku Morley, komweko ku Perth, m'nyumba imodzi ndi amayi anzanga, bedi limodzi anthu awiri. Wa shifiti ya usiku akamalowa m'bulangete n'kuti wa masana akutulukamo, moti bedi lija silinkazizira. Ndinkatumiza za fizi, za feteleza, za malata, ndipo achemwali sanadyepo kanthu kanga mwachinyengo. Mwana ankaoneka pa foni ali wonenepa, tsitsi loluka bwino, akusuzumira kumbuyo kwawo.

Ulendo woyamba kubwerera kumudzi ndinatsika galimoto nditatambasula manja. Mwana anagwada chapatali n'kundipatsa moni wa ulemu wonse, ngati uja timapereka kwa alendo ochokera kuboma.

"Iwe, amako awa!" anamukalipira a Esinala.

"Eya, ndikuwadziwa," anatero iye. "Amayi a ku Australia."

Limenelo ndiye linali dzina langa mudzi wonse. Amama anali a Esinala. Anthu anaseka, inenso ndinaseka nawo, koma nkhuku imene anandiphera tsiku limenelo sindinaimve kukoma.

Mapepala atatheka, Tamanda anabwera ali kamtsikana kotha msinkhu, ndipo ndinapeza kanyumba ka ife awiri komweko ku Morley. Apa ndiye ndinaona zachilendo. Mwana uja sankanditchula dzina lililonse. Akafuna kanthu ankaima pakhomo n'kutsokomola, kapena kungoti "Pepani." Sanali wamwano ayi. Ankatsuka mbale, ankasesa, ankandilandira chikwama ndikamachokera kuntchito, zonse mwaulemu ngati mwana wogonera pa eni ake. Chingerezi anachitola msanga, chija cha m'mphuno cha ana a kumeneko, ndipo ndikamuyankhula m'Chichewa ankandibwezera m'Chingerezi. Chichewa chake ankasungira Lamulungu. Tikachoka kutchalitchi ankadzitsekera m'chipinda n'kuimbira Amama ake, ndiye kuseka kwake! Ine ndili kukhitchini ndi mpeni m'manja, kumvetsera kuseka kumene sindinakupatsidwepo. Nsanje ndinali nayo, ndisaname. Ndinkachitira nsanje munthu amene anandichitira zabwino zokhazokha.

Za ulendo wa kutchirezo zinachokera kusukulu. Aphunzitsi anati mwanayu ndi wachete kwambiri, bwanji apite nawo ku kampu ya pa holide yaikulu, aphunzire kucheza ndi anzake. Holide imeneyi imagwa nthawi imene kwathu kuli mvula, koma ku Perth kumatentha moti phula limanyeta pansi pa nsapato. Ana amawatengera kummwera, kunkhalango za mitengo italiitali, n'kumayenda wapansi katundu ali kumsana, kupalasa timabwato, kugona m'matenti, kupitirira sabata yathunthu. Mafoni amawalanda pokwera basi.

"Ine ndinathawa kutola nkhuni kutchire," ndinatero, "ndiye lero ndilipire kuti mwana wanga akagone kutchire? Azunguwa ali ndi misala yawoyawo."

Koma Tamanda anafuna, ndipo chinali chinthu choyamba kundipempha chibwerereni. A Esinala nawo anaikirapo mlomo pa foni: "Mulekeni apite. Ameneyo ndi wolimba, ankasenza nane ndowa kuchokera kudimba." Basi ndinagonja.

Kutatsala sabata tinapita kumasitolo aakulu aja a ku Morley kukagula zofunika. Chikwama chobereka kumsana chinali chachitali ngati mwini wake yemwe. Tili m'sitolo ya nsapato, iye atawerama akumanga zingwe za mabuti, anangoti, "Mami, izi zikundithina." Mami! Ndinayang'ana kumbuyo kuti mwina akunena wina. Ndinachita ngati sindinamve, kuopa kuti ndikadabwa abweza mawuwo. Ndinamugulira mabuti odula kuposa onse m'sitolomo, ndipo sabata imeneyo ananditchulanso choncho kangapo, mongoyesa, ngati munthu woponda pa mlatho wa mitengo.

Basi inali yonyamuka Lachisanu m'mawa. Lachinayi chakumasana, kumudzi n'kuti kukungocha, ndinali kumwetsa tiyi agogo ena foni n'kuyamba kunjenjemera m'thumba la yunifomu. Inaleka, inayambanso, inaleka, inayambanso. Ndinathamangira kuchipinda chochapira. Anali alamu anga, amuna a Esinala.

"Mlamu," anatero, "achemwali anu matenda akula. Anagwa kumunda dzulo madzulo akubandira chimanga. Tinathamangira nawo kuchipatala, koma matenda akula ndithu."

Kumbuyo kwa mawu awo ndinkamva amayi akulira. Sindinafunse kanthu. Kwathu munthu wakutali samuuza mwachindunji, koma wakutaliyo amamva.

Anandipeza nditakhala pansi pakati pa mabasiketi a zochapa ndi mnzanga wa pantchito, Amake Dalitso, wa ku Chipata. Mayi ameneyu tinagawana naye bedi lija la ku Morley, tinagawana naye sopo, ngakhale chimfine tinkagawana. Anandikumbatira, anakandipemphera kwa abwana kuti ndiweruke, ndiye anaimbira Mayi Kamwendo, nesi wamkulu wa ku Rockingham amene ankatsogolera amayi a kumpingo kwathu. Zovuta zikagwa pa Mmalawi aliyense ku Perth, woyamba kuuzidwa anali iwo. Anayendetsa mtunda wonse uja n'kutipeza panja pa ntchito, ndipo tinakhala atatu m'galimoto mwawo, mawindo otseka, mpweya wozizira ukuwomba.

Nditalira mokwanira, Mayi Kamwendo anandifunsa kuti, "Mwana ali kuti?"

"Ali kunyumba. Mawa m'mawa anyamuka wa kukampu uja."

"Ndiye musamuuze," anatero Mayi Kamwendo. "Munthu wa paulendo sauzidwa maliro. Akayenda ndi mtima wosweka, akaponda molakwika pamwala kapena akagwera m'madzi, mudzati chiyani? Kumaliro simufikako, ngakhale mukwere ndege lero lomwe mukapeza atafotsera kale. Apite, akabwere, adye, timukhazike pansi, timuuze monga anthu."

Amake Dalitso anapukusa mutu. "Awe amai, muuzeni chabe mwana. Aba bana ba masiku ano baziba vonse. Muuzeni, azasankha eka ngati ayenda olo ankala."

"Asankhe? Mwana asankhe pa maliro? Inu a ku Zambia mumatero?" anatero Mayi Kamwendo.

Ine ndinatsata Mayi Kamwendo, ndipo mpaka lero munthu asandiuze kuti mwambo umenewu ndi wopusa. Bambo anga atamwalira ndinali kusukulu yogonera. Anadzanditenga amalume, njira yonse akundicheza za mitengo ya fodya, ndipo anandiuza nditafika, nditamwa madzi, azakhali atandigwira mbali zonse. Ndinawathokoza. Chisoni chimafuna pokhala, sichifuna pamsewu. Koma panalinso china chimene sindinawauze anzangawo. Ndinkaopa kuona mmene mwana uja akalirire. Sindinafune kuona ndi maso anga kuti ndi mwana wa ndani, pamene "Mami" uja anali asanathe n'komwe sabata. Ndinaimbira alamu n'kuwapempha kuti pasapezeke woimbira Tamanda. Ndinasamba kumaso pa mpope wa kuntchito, n'kupita kunyumba kukalongedza.

Ndinamupeza atakhala pabedi, atakumbatira maondo, foni atayivundikira pambali. Katundu yense anali mbwee pansi. Maso ake anali ofiira.

"Maso atani?"

"Ndi fumbi la maluwa," anatero. "Anunso afiira."

"Ndi sopo wa kuntchito."

Ndinakhala pansi n'kuyamba. Pepala la kukampu linkati mwana atenge zokhazo zimene angathe kubereka yekha tsiku lonse. Malaya a manja aatali, chipewa chachikulu chotchinga dzuwa, kaneti kotchinga ntchentche kumaso, mafuta oteteza khungu, mabotolo a madzi, tochi yomanga pamutu, thumba logonamo. Masiku a m'mbuyomo tinali titakangana za kamba. Ine ndinakazinga mtedza, iye n'kuti mtedza ndi woletsedwa, ana ena akangoununkhiza amatupa pakhosi. Ndinali nditalalata kuti ulendo wopanda kamba ndi ulendo wanji, kodi kumeneko ana amawalera ndi mphepo? Koma tsiku limeneli mphamvu yolalata ndinalibe. Mtedza uja ndinangoukankhira pambali.

Chovala chilichonse chinkafunika kulembedwa dzina. Ndinatenga cholembera chakuda chija timalembera pa makolala a okalamba, n'kumalemba, n'kumapinda. Thumba logonamo pansi penipeni, zolemera pafupi ndi msana, jekete la mvula pamwamba. Manja ankagwira ntchito yawo, ine m'mutu ndikuona achemwali atagona pamphasa m'nyumba ya malata imene tinamanga limodzi, amayi atawazungulira. Ndinkaluma mkati mwa tsaya kuti nkhope isandigulitse.

"Kumudzi mwamvako lero?"

Anafunsa m'Chichewa. Ndinadzidzimuka, poti limeneli silinali Lamulungu.

"Magetsi anazima dzulo, mafoni onse athima. Ukudziwa nyengo ya mvula mmene kumakhalira."

"Ndimafuna nditsanzike Amama."

"Ndiwauza ine kuti wanyamuka. Ukabwerako udzawafotokozera zonse wekha."

Mawu amenewa ananditentha pakamwa, koma ndinawatulutsa bwinobwino, ndikupinda thawulo. Iye anandiyang'ana nthawi yaitali. Ine maso pa thawulo. Panja mbalame zakuda zija za ku Perth zinkalira ngati mwana wotopa, ndipo fani inkangozungulira.

"Ndikhoza kutsala," anatero chapansipansi. "Ngati pali chifukwa, ndikhoza osapita."

"Chifukwa chanji? Wayamba kuopa njoka tsopano? Talipira kale, mabuti tagula, wandivutitsa mwezi wonse. Upita basi!"

Ndinakalipa dala. Ndinadziwa kuti ndikayankhula mofatsa ndigumuka. M'mtima ndinati mwanayu wagwidwa ndi mantha a kutchire, ndipo ndinadzitama kuti ndamulimbitsa. Kalanga ine!

Chikwama chitadzaza ndinamuimiritsa kuti ayese. Ndinamubereketsa, ndinamanga lamba wa m'chiuno, ndinakoka timalamba ta m'mapewa monga anatisonyezera kusitolo. Nkhope yanga inali pafupi ndi khosi lake, moti ndinkamva fungo la mafuta a m'tsitsi amene ankamutumizira a Esinala. Anaima chilili osagwedezeka, ngati akudikira kuti ndimalize china.

"Chalemera?"

"Ndipirira," anatero.

M'mawa mwake tinafika pa bwalo loimikapo magalimoto ku Joondalup dzuwa litayamba kale kuluma. Makolo achizungu ali pikitipikiti, kujambula, kupsompsona ana, agalu awo ali pa zingwe. Ine ndinasenza chikwama kuti ndimuperekeze mpaka pa basi, poti kwathu wa paulendo sanyamula katundu wake operekeza alipo. Mtsikana wina wachizungu, wotsogolera gulu lawo, anandiseka mwaulemu n'kuti ndimusiye mwana azolowere. Ndinachitula. Ana ankaponya mafoni m'bokosi mmodzimmodzi, ndipo Tamanda anakhala womaliza. Anaigwira foni ija, anandiyang'ana, anaiyang'ananso, kenako anaiika.

"Uyende bwino," ndinatero. "Uzimwa madzi. Chipewa usamavule."

Anangogwedeza mutu. "Mami" sanatuluke. Anakhala pawindo la mbali yanga, ndipo basi ikukhota ndinaona nkhope yake ili chindiyang'anire. Ndinakweza dzanja n'kumwetulira mpaka basi inabisika. Kenako ndinakhala pansi pa simenti yotentha.

Pobwerera kunyumba ndinapeza amayi a kumpingo afika kale. Ena anali atadikira m'magalimoto kuseri kwa msewu kuyambira m'mawa kuti mwana asawaone. Mipando anaitulutsa, pansi anayala zitenje, abambo anakhala m'galaja. Maliro a kunja ndi omvetsa chisoni pawiri, chifukwa umalira ukuyeza mawu. Tinatseka mawindo kuopa kuti aneba aitana apolisi, ndiye m'kutentha kuja tinkaimba nyimbo za maliro thukuta lili chuchuchu. Ena ankabwera ndi yunifomu pochokera kushifiti, kukhala pang'ono, kulira nane, n'kuthamangira ina. Amake Dalitso sanachoke pambali panga. Anthu amenewa sindidzawaiwala, anandigwira ngati a mimba imodzi.

Mwambo woika m'manda tinauonera pa foni, titaitsamiritsa pa fulasiki ya tiyi. Kumudzi kunkagwa mvula. Chithunzi chinkaima, mawu n'kumaduka, n'kubweranso. Ndinaona maambulera, ndinaona dothi lofiira litasanduka matope, ndinaona Kondwani atagwira nkhata ya maluwa, wamkulu kuposa mmene ndinamusiyira. Bokosi likutsika chithunzi chinaima, ndipo pobwerera n'kuti anyamata akufotsera. Achemwali anga amene ankandibereka kumbuyo ndili khanda, ndinawatsanzika pa kagalasi kochepa ngati chikhatho.

Masiku otsatirawo ndinabwerera kuntchito, poti okalamba sadikira kuti umalize kulira. Agogo ena amene sankazindikiranso ana awo enieni anandigwira tsaya ndikuwaveka sokosi, n'kundifunsa kuti wandimenya ndani. Pa wailesi anayamba kunena za moto wolusa kummwera, ine mtima m'mwamba, n'kuimbira ofesi ya kampu. Anati moto uli kutali, ana onse ali bwino. Anawonjeza kuti Tamanda ndi mwana wachete, sadya kwambiri, koma amabereka katundu wake osadandaula. Ndinati zikomo Ambuye, mwana wanga akusangalala, asangalale kaye. Chimenechi ndicho chinkandilimbitsa. Ndinkati pa anthu onse a m'banja mwathu, mmodzi yekha ndiye akugona tulo tabwino, ndipo tulo timeneto ndamupatsa ndine.

Tsiku lobwera tinakonza zonse mwa dongosolo lake. Ndinaphika mpunga ndi nkhuku n'kuvundikira. Mayi Kamwendo anabwera kuchokera ku Rockingham, Amake Dalitso anasinthana shifiti ndi wina. Tinagwirizana kuti pa basi tingomulandira, tipite naye kunyumba, asambe, adye, ndiye Mayi Kamwendo ayambe.

Ana anatsika ali akuda ndi fumbi, akukuwa, akuthamangira makolo awo. Tamanda anatsika pambuyo. Anali atawonda, milomo itang'ambika, chikwama chili kumsana. Anationa atatu titaima pamodzi ndi zitenje zathu, ndipo sanadabwe. Asanatifike, mtsikana wachizungu uja anamudutsa n'kubwera kwa ife, nkhope ili yachisoni.

"Pepani kwambiri ndi zimene zachitika," anatero m'Chingerezi. "Watiuza dzulo madzulo, pamene ana amanena aliyense chimene chamulemera paulendowu. Akuti mayi ake anamwalira kutatsala tsiku limodzi kuti tinyamuke. Mukanatiuza, tikanadziwa momusamalira. Masiku onsewa wasenza yekha." Anandiyang'ana ine. "Inu ndinu ndani wake?"

Ndinayang'ana Tamanda kuti mwina ayankha ndiye. Iye maso anali pa mabuti ake.

"Ndife abale ake," anatero Mayi Kamwendo, n'kumugwira mwana pamkono. "Zikomo pomusamala."

Tinalowa m'galimoto, ine kutsogolo ndi Mayi Kamwendo, Tamanda kumbuyo ndi Amake Dalitso. Makiyi anali m'manja koma sindinalize injini. M'kati munali motentha ngati mu uvuni. Mayi Kamwendo, munthu amene anauzapo anthu ambiri za maliro, anakonza pakhosi n'kuyamba monga amayambira.

"Mwanawe, kumudzi kunagwa zovuta."

"Ndikudziwa, amayi," anatero Tamanda, m'Chichewa chosalala cha ku Mitundu. "Kondwani anaika chithunzi chawo pa sitetasi ya pa foni Lachinayi lija masana. Ndinachiona ndili ndekha m'nyumba."

Ine ndinaletsa zomuimbira foni. Za sitetasi ndani akanaganiza? Ndinatembenuka.

"Nanga bwanji sunanene, mwana iwe? Bwanji unangondiyang'ana ndikulongedza?"

"Mwana sayamba ndiye kunena maliro," anatero. "Amadikira akuluakulu amuuze. Amama anandiphunzitsa choncho."

Mayi Kamwendo anagwira pakamwa.

"Ndinadikira pabedi paja," anapitiriza, mawu ali phee, osanjenjemera. "Ndinadikira m'galimoto. Basi ikunyamuka ndinati mwina mugogoda pawindo. Kutchire kuja ndinkalira nditaluma malaya kuti mnzanga wa m'tenti asamve. Kunalibe woti andigwire, kunalibe woimba nyimbo. Sindinadziwe ngakhale tsiku limene anawaika, ndiye tsiku lililonse ndinkati mwina ndi lero."

"Ndimafuna ukasangalale," ndinatero. Mawu anga anali omwewo, ena ndinalibe, koma atatuluka ndinawamva kuchepa kwake.

Tamanda anatembenuza nkhope. Anayang'ana panja, kumene anzake ankakwera m'magalimoto a makolo awo, ena akumukwezera manja. Patapita kanthawi anafunsa osandiyang'ana.

"Munaonera poika?"

"Eya. Pa foni."

"Powerenga mbiri yawo, anati asiya ana angati?"

Ndinali nditamva ndi makutu angawa. Pa zonse zimene netiweki inadula tsiku lija, pamenepa pokha sinadule. Mkulu wa mpingo anaima pansi pa ambulera ndi kapepala konyowa, anatchula Kondwani, anatchula mlongo wake, ndiye anati womaliza, Tamanda, ali ku Australia, walephera kufika. M'chipinda muja amayi onse anamva, ndipo panalibe anandiyang'ana. Tsopano Mayi Kamwendo anandigwira bondo, sindikudziwa ngati ankati ndinene kapena ndisanene. Ndikanatha kunena kuti awiri. Ndikanatha kunena kuti mawu anaduka. Mwana uja ndinamufuna, Mulungu akudziwa, ndinamufuna kuposa chilichonse chimene ndinapita kukafuna kudziko la eni.

"Atatu," ndinatero. "Anakutchula dzina."

Apo ndiye analira. Kunali kulira kwa kumudzi, kotsegula pakhosi, koitana, "Amama ine! Amama mwandisiya ndi yani ine!" Azungu amene anali pafupi anatembenuka, ife osasamala. Anagwera pamiyendo ya Amake Dalitso, amene anamukumbatira ndi fumbi lake lomwelo n'kumamugwedeza, ndipo Mayi Kamwendo anayambitsa nyimbo chapansipansi.

Panafunika wina woti atifikitse kunyumba. Ndinapukuta maso ndi nsonga ya chitenje kuti ndione msewu, n'kuliza galimoto.